Galu Amene Ndinamudyetsa Mavu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakhala ndi chinthu changachanga koyamba, ndipo chinthucho chinali kagalu. Ndinali ndi zaka khumi kapena kucheperapo. Masiku amenewo palibe amene ankawerenga zaka za mwana, ankangoyang'ana mano. Inali nthawi imene Azungu ankayamba kumene kubzala tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, nkhondo yawo yaikulu yoyamba ija isanabuke. Ife tinali titangowoloka Ruo kuthawa kwa Apwitikizi, anthu atatu: amayi, atsibweni anga amene anali mlongo wawo wa amayiwo, ndi ine. Abambo anali atagwidwa chibalo kutsidyako, ndipo sitinawaonenso. Wachinayi paulendowo anali galu wamkazi wa atsibweni, wosaka, amene anawoloka mtsinje chosambira pambali pathu.

Malo tinawapeza kufupi ndi Chonde, kumapeto kwa mudzi wa Ayao achisilamu. Mwini dothi limene tinamangapo kanyumba kathu anali mayi wina, Abiti Saidi. Amuna awo ankayenda malonda a mchere ndi nsalu, pakhomo ankangoonekapo mwa apo ndi apo, choncho wolamula anali mayiyo. Ndikuti "awo" chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndinkawakonda. Ndinkadana nawo, ndipo iwonso sankabisa kuti timawanyansa. Ankatitchula Anguru, dzina limene ankalitulutsira m'mphuno, ndipo ankauza aliyense kuti timadya njoka ndi nkhono. Nkhono tinkadyadi, koma m'kamwa munali mwathu.

Abiti Saidi anali ndi mphaka wotuwa, wonenepa mpaka khosi losaoneka. Mphakayo ankagona pamkeka pawo ndipo ankadya mitu ya nsomba pamene ife tinkagonera chinangwa ndi kalongonda. Koma galu kwa iwo anali najisi, ndiko kuti chodetsa: malovu ake akakhudza chiwiya, chiwiyacho chaipa. Tsiku lina galu wa atsibweni anakhatha madzi mumtsuko umene Abiti anausiya pachitsime. Amayi anali atangoweruka kumene kopalira m'munda wa Mzungu, miyendo ili mbuu. Abiti anawaitanira pachitsime pomwepo, pamaso pa azimayi onse otunga madzi, n'kuwalamula kuti atsuke mtsukowo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Iwo anaimirira manja ali m'chiuno, kuwerenga mokweza. Amayi anatsuka atagwada, osatulutsa ngakhale liwu limodzi. Ine ndinali nditaima pachulu, ndikuona zonse, mtima ukuwira.

Titafika kunyumba ndinawafunsa amayi chifukwa chimene sanayankhire. Anangoti, "Kwa eni kulibe mkuwe, mwanawe. Ukufuna tikagone kuti?"

Patapita miyezi iwiri galu uja anaswa ana asanu pansi pa nkhokwe. Atatu anafa ndi chiperoni, mphepo yamvula ija imene imatsika m'phiri n'kulowa mpaka m'mafupa. Mmodzi atsibweni anasinthitsa ndi nkhuku. Wotsalayo, kamphongo kofiirira kokhala ndi banga loyera pachifuwa, anandiika m'manja.

"Wako uyu," anatero. "Ukam'samala adzakudyetsa nyama."

Ndinalibe mbuzi, ndinalibe mpeni, nsalu imene ndinkavala inali chidutswa cha nsalu ya amayi. Kagaluko kankagona pamimba panga, kukamwa kukununkha mkaka, ndipo ndikayenda kankandiluma zidendene ndi timano take tonga minga. Kwathu galu sankapatsidwa dzina lachabe. Ankamutcha mawu amene mwini wake akufuna kuti oyandikana nawo amve. Wanga ndinamutcha Mudzaona, ndipo ndinkakonda kumuitanira m'malire mwa bwalo la Abiti Saidi, mokweza kuposa mmene makutu a galu amafunira.

Anzawo a atsibweni, alenje, ankabwera kudzanola mikondo pamwala wa kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ine ndinkatchera khutu. Tsiku lina ankakambirana za agalu oopsa. Wina anati galu woopsa sabadwa, amachita kukonzedwa. Umasinja mavu n'kumuthirira m'chakudya kuti ukali wa mavuwo ulowe m'magazi. Wina anati piripiri ndiye amaposa. Wachitatu anawonjezera kuti galu wokhuta ndi bwenzi la aliyense, choncho umamumana chakudya n'kumutsekera mumdima kuti asazolowere nkhope za anthu. Atsibweni ankaseka. Anati iwo anayesapo mavu kamodzi kokha, pang'ono, kwa galu wamkulu, ndipo sanaone kusintha kulikonse. Mawu amenewa anandidutsa pambali. Anzawowo atapita ndinafunsa ngati Mudzaona angayambe mankhwalawo.

"Ameneyo ndi khanda, mano ake ngamkaka," anayankha. "Muleke ayamwe."

Masiku ochepa pambuyo pake atsibweni anatengedwa ulendo wa tengatenga, kusenza katundu wa Mzungu kupita ku Blantyre, ndipo anakhalitsa kumeneko. Amayi ankachoka m'mamawa kubwera dzuwa litapendeka. Panalibe wondiona.

Kuseri kwa munda wathu wa nandolo, pafupi ndi malire a Abiti, kunali dzenje limene tinakumbamo dothi lomatira nyumba. Ndinamuchotsa Mudzaona kubere, n'kumuika m'dzenjemo, n'kumumanga ndi luzi pachikhomo. Pamwamba ndinavundikira dengu lakutha, ndinalitsindira ndi miyala. Amayi ndinawauza kuti ndakamusungitsa kwa anzanga kutsidya kwa dambo kuti asakalowe pabwalo la Abiti. Anandiyamikira kuti ndayamba nzeru.

Mavu ndinkawapeza patsindwi la nkhokwe. Ndinkawawaula ndi udzu woyaka, ndipo amodzi anandiluma pachikope diso n'kutsekeka masiku awiri, koma ndinkaona ngati ndi chipsera cha msilikali. Ndinkawasinja pamwala pamodzi ndi piripiri, n'kusakaniza ndi gaga wonyowetsa m'madzi ozizira. Chakudyacho ndinkachiika m'phale kamodzi patsiku. Tsiku loyamba ananunkhiza n'kubwerera. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu njala inamukulira, anadya akulira, akukwecha kukamwa pansi, akuyetsemula. Ndinatola kasanza ka nsalu padzala pa Abiti Saidi, ndinakamanga kunsonga ya ndodo, ndipo ndinkamukwapula nako pamphuno kuti adziwe fungo la mdani wathu. Akalira ndinkakondwa. Ndinkadziona ndili pachulu paja, Abiti akuthamanga mtsuko utagwa, azimayi onse akuseka.

Mwezi usanathe kagalu kaja kanasanduka chinthu china. Nthiti zinkaoneka zonse. Mimba inatupa n'kuuma gwa. Miyendo yakutsogolo inapindikira kunja, ubweya unayamba kusosoka m'mbali, ndipo m'makutu munadzaza nkhupakupa zotuwa. Analeka kuuwa. Ankangolira kaliwu kakang'ono kosalekeza, usana wonse. Mwana wanzeru akanachita mantha. Ine ndinkati mankhwala akugwira ntchito.

Tsiku lina masana, nditagwada padzenjepo phale lili m'manja, ndinamva nandolo akuthyoka kumbuyo kwanga. Anali Abiti Saidi, atagwira nsungwi yaitali. Ndinamva pambuyo pake kuti kulirako kunkawasokoneza pa swala, mapemphero awo achisilamu, ndipo anali atafufuza masiku atatu kumene kukuchokera. Anakankha miyala ija ndi nsungwiyo, n'kutukula dengu. Ntchentche zinabuka. Anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Galu wanga."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa chimene chili m'phalemo."

Anawerama, anaona mapiko a mavu ndi njere za piripiri zikuyandama. Kenako anaona kasanza ka nsalu yawo kunsonga ya ndodo yanga, ndipo anamvetsa zonse. Anandigwira khutu ndi zala zouma ngati mphanda, phale lili m'manja mwanga, n'kundikokera kwathu.

Tsoka lake atsibweni anali atabwera dzulo lake, ndipo anali atagona pakhonde mapewa atatupa. Amayinso tsikulo anaweruka msanga. Abiti anandiponya pakati pawo n'kufotokoza zonse, osasiyako kanthu, ndipo anawonjezera zawo: kuti Anguru ngakhale galu wawo yemwe sadziwa kumulera. Atamaliza analoza phale lija.

"Idya."

Ndinayang'ana amayi. Ndinkadziwa kuti pano pokha ayankha. Anali atagwada pachitsime chifukwa cha mayi ameneyu, ndipo zonsezi ndinachitira iwo. Amayi anapita kudzenje kuja, anabwerako atanyamula kagalu m'manja awiri, n'kukagoneka pansi pang'onopang'ono. Kenako anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo.

"Wamva zimene anena Abiti. Idya."

Ndinatapa ndi zala ziwiri n'kuika m'kamwa. Gagayo anali wosasa. Piripiri anandiotcha lilime, kukhosi, mpaka m'makutu, ndipo timiyendo ta mavu tinandikanirira m'mano. Ndinasanza pomwepo. Palibe amene anandipatsa madzi.

Atsibweni anamutenga Mudzaona kumuyang'ana ngati mlenje. Anatsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya, ndipo chinatsala chitaima, osabwerera. Anamutsegula kukamwa: nkhama zinali zoyera, zopanda magazi, lilime lili ndi zilonda. Anamuimika, anagwa. Anamutengera kwa make, koma mkaka unali utauma kale, ndipo makeyo anangomununkhiza n'kumuopseza ndi mano.

"Wamuwononga," anatero atsibweni. "Galu wotere sasaka, sayenda. Mawa ndikam'taya kumtsinje."

Ndinawagwira mwendo, ndikulira, ndikulonjeza zimene sindikuzikumbukanso. Anandikankha. Amene anayankhula ndi Abiti Saidi.

"Mum'phera chiyani? Walakwa ndi galu?"

Atsibweni anati, "Nanga tim'dyetsa chiyani, mayi? Ife tomwe tikukhalira chinangwa."

"M'patseni masiku khumi. Akapanda kuimirira, kam'tayeni." Anatembenuka kuti azipita, kenako anaimanso. "Musaganize kuti ndikuchitira inu. Womanga chinyama n'kuchimana chakudya amakayankha kwa Mulungu, ndipo zachitikira padothi langa. Sindikufuna kukafunsidwa milandu ya Anguru."

M'mawa mwake anajambula mzere ndi nsungwi yawo kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anati galuyo agonekedwe kunja kwa mzerewo. Anaphika phala lamadzimadzi la mapira, n'kusinjiramo mitu ya nsomba, ija ya mphaka. Analizizitsa, analithira m'chipanda chosweka, n'kundipatsa kuti ndikamuikire. Ndinapita mosangalala, pakuti ndinkati tsopano ndikonza zimene ndinawononga. Mudzaona atangoona dzanja langa likubwera ndi chakudya, anayamba kukwawa chobwerera, akunjenjemera, mkodzo ukutuluka.

"Choka apo," anatero Abiti. "Akakuona sadya. Kakhale uko."

Anakankhira chipandacho ndi nsungwi mpaka pamphuno pake. Ananunkhiza nthawi yaitali. Kenako anayamba kukhatha.

Kuyambira tsikulo ntchito yanga inali kukhala patali, pachitsa, kuonerera mdani wanga akudyetsa galu wanga. Ankamupatsa pang'onopang'ono, kanayi patsiku, chifukwa ankati mimba imene yazolowera njala ukaidzaza nthawi imodzi imapha mwini wake. Tsiku lina ankaswera dzira laliwisi m'phalamo, tsiku lina msuzi wa nkhuku ndi matumbo ake. Mafupa ankakana, ankati mano sanakhwime. Tsiku lachinayi anasinja nthanga za maungu n'kuthiramo, ndipo m'mawa mwake m'chimbudzi chake munatuluka njoka zam'mimba zoyera, zambiri, mimba ija n'kuyamba kufewa. Amayi ndi amene ankamuchotsa nkhupakupa akaweruka, n'kumudzoza mafuta a nsatsi mmene munasosoka ubweya. Abiti sanamukhudzepo ngakhale ndi chala. Akamaliza kumudyetsa ankatsuka nsungwi yawo ndi dothi. Ndipo nthawi yonseyi pakamwa sipankapuma: ankatukwana galuyo, ankatukwana ine, ankatukwana mtsinje wa Ruo chifukwa chotilola kuwoloka. Mphaka wawo ankakhala pakhonde, kuyang'ana nsomba zake zikupita kwa wina. Pabwalo ponsepo ndi iye yekha amene ndinkaona kuti tikumva chimodzi.

Ndinkawerenga masikuwo ndi timiyala. Tsiku lachisanu ndi chitatu anaimirira, n'kugwa. Lachisanu ndi chinayi anayenda mapazi angapo kutsata chipanda. Tsiku lakhumi atsibweni anabwera, anamutsinanso chikopa, chinabwerera. Anamuyang'ana nkhama, zinali zitayamba kufiira.

"Akhala," anatero. "Koma miyendoyi siwongoka. Za uzimba uiwale."

Uzimba sunandidetse nkhawa. Ndinathamanga kuzungulira nyumba kawiri chifukwa cha chimwemwe. Ndinkati galu wanga wabwerera.

Sanabwerere. Ndinkamunyamulira kwathu, iye ali gwa m'manja mwanga ngati chikuni, ndipo ndikangomuika pansi ankayenda chopendama kubwerera pansi pa mango paja. Ndinkakumba mbewa, n'kudzimana ndekha kuti ndimupatse. Ankadikira kuti ndiziponye pansi ndipite kutali, ndiye n'kudya. Amayi ankawagwedezera mchira. Atsibweni ankawalola kumusisita. Ine ndikayandikira ankatsitsa mutu n'kuyang'ana kumbali. Abiti Saidi anali ataleka kale kumuphikira phala, ankangomuponyera makombo, ndipo nthawi zina ankamugenda ndi zibuma kuti achoke. Ankasuntha pang'ono n'kubwereranso. Mzere uja unafufutika ndi mvula, koma iye sanaudumphepo. Abiti akapita kuchitsime ankawatsata patali, akabwerako ankawatsatanso.

Titakolola, atsibweni anapeza malo pa esiteti ina cha ku Milonde, kumene obwera anzathu ambiri ankakhala n'kumalipira malowo ndi thangata. Anati kuli bwino kugwirira Mzungu ntchito kusiyana ndi kutukwanidwa ndi mayi mmodzi tsiku ndi tsiku. M'mawa wa tsiku losamuka tinamanga mitolo yathu. Amayi anasenza mphika ndi mphasa, atsibweni makasu ndi mikondo. Ine ndinatenga luzi n'kupita pansi pa mango. Abiti ankapeta mpunga pakhonde.

"Ndabwera kudzatenga galu wanga."

"M'tenge. Akum'funa ndani? Wandidetsera pakhomo miyezi yonseyi."

Sanadzutse ngakhale mutu. Ndinamuitana. Anandiyang'ana, osasuntha. Ndinamuitananso mofatsa, ndi mawu aja ndinkamuitanira ali khanda. Anatembenuzira maso kukhonde. Ndiye ndinagwada, n'kutambasula luzi kuti ndimukoleke m'khosi. Sanauwe, sanachenjeze. Anangondigwira dzanja lamanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mano anakumana. Sanalinso amkaka. Atandisiya anabwerera pamalo pake n'kugona.

Abiti anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi madzi amchere m'chikho, anandigwira mkono n'kuthira pabalapo. Zinawawa kuposa kulumako, ndipo ndikukhulupirira kuti sizinawadandaulitse. Anang'amba kansalu n'kundimanga mwamphamvu.

"Unkafuna galu woluma," anatero. "Ndi ameneyo."

Atsibweni anali ataima panjira. "Musiye. Tiye, dzuwa likukwera." Ndinanyamula mtolo wanga ndi dzanja lamanzere. Galu wamkazi uja anatsogola monga mwa masiku onse. Ine ndinkayenda chotembenuka, ndikuitana, mpaka njira inakhota pa nsungwi za kudambo ndipo mtengo wa mango sunaonekenso.

Tsopano ndakalamba, ndipo agalu amene ndaweta ndi ambiri. Adzukulu anga amandiseka kuti pakhomo panga galu amadya mwini wake asanasambe m'manja. Anyamata a masiku ano nawonso ndimawamva akukamba za mavu ndi tsabola, ndipo ndikawaonetsa dzanja ili amaganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba. Abiti Saidi sindinawakhululukire. Anali munthu wa pakamwa poipa, ndipo zimene ankatinena zinali zoipa ngakhale lero. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndili kale ndi ana, ndipo sindinapite.

Koma pa nkhani ya galuyo iwo ndi amene anakhoza, ndipo zimandiwawabe kuvomera. Ndinkaganiza kuti chidani changa ndingachithire m'phale, galu n'kudya, n'kukhala chake. Galu sadziwa adani a mbuye wake. Amadziwa dzanja limene likumupweteka ndi dzanja limene likumudyetsa, ndipo salakwitsa kuwerenga. Ine ndinkamukonda, ndinkagona naye, ndinamulirira pamaso pa anthu. Mayi uja ankanyansidwa naye, sanamukhudzepo ngakhale kamodzi. Mudzaona anasankha pakati pa awirife, ndipo ndikanakhala galu ndikanasankha chimodzimodzi.